Miyezo ya Kuseri kwa Thabwa

Lachiwiri, 4 Marichi

Wodi ya amuna, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili andigulira akazi anga kukantini ya pageti, akuti ndizilembamo m'malo mokalipira anamwino. Ndawauza kuti ndichita zonse ziwiri.

Ndilembe mmene zayambira. Msana wakhala ukundiwawa miyezi itatu, koma ndi kalipentala uti wa zaka 61 amene msana sumuwawa? Loweruka ndinatsika ndekha masitepe onse 34 a kwathu kupita kushopu. Lamlungu m'mawa mwendo wakumanzere unakana. Dzulo wakumanja unatsatira mnzake. Ananditsitsa amuna anayi atandigoneka pa chitseko cha kubafa, chitseko chimene ndinapanga ndekha. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chanyanya.

Adokotala aakulu ndi mayi wamtali, wosaseka. Andibaya ndi kasingano kuyambira kuphazi. Ndimaona ndi maso anga akubaya, osamva kanthu mpaka pamchombo. Ndawafunsa kuti ndiyenda liti. Akuti, "Tiyambe taona chithunzi, bambo." Andiika kapaipi ka mkodzo. Za kameneko sindilemba.

Lachitatu, 5 Marichi

Makina ojambula msana, mphindi 40. Phokoso lake ngati pulena yamagetsi yagunda msomali.

Apeza chotupa. Adokotala anati "chaching'ono," ine ndinati chaching'ono si muyezo. Ndi masentimita atatu. Chikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Masentimita atatu okha! Kushopu kachidutswa kotere timakasesa limodzi ndi utuchi, koma kagwetsa munthu wamtali 183. Mutu wanga waima.

Jakisoni wochepetsa kutupa 6 koloko m'mawa ndi 6 madzulo. Amanditembenuza pa maola awiri alionse kuti ndisachite zilonda. Opaleshoni Lachisanu.

Pa bedi 8 pali a Dalaivala, anayendetsa mabasi a mtunda wautali zaka 30. Shuga inawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Njinga yawo ya olumala amaitcha basi, ndipo akamapita kuchimbudzi amaitanira okwera. Andilandira ndi mawu akuti, "Amisiri, muno chakudya ndi chaulere, koma kukoma kwake mubwere nako nokha." Sananame. Phala la m'mawa ungamatire nalo mwendo wa tebulo.

Lachinayi, 6 Marichi

Akazi anga agona pa benchi ya mukhonde masiku awiri. Kwathu ndi ulendo wa maola atatu pa basi, ndipo akana kubwerera. Akudzuka atapindika. Zandidya mumtima kuposa chotupacho.

Masana kwabwera mwana wathu wamkazi. Ndimamutcha Kapitawo chifukwa anayamba kulamula anthu kushopu ali ndi zaka zisanu. Pano ali ndi 34 ndipo wagwira nane ntchito zaka 15. Dzanja lake pa chezelo chosemera matabwa limaposa langa, koma zimenezi asamve.

Ndamuuza maganizo anga. Pabwalo la shopu pali kakalavani kathu kokoka ndi galimoto, kamene ndinkagonamo tikapeza ntchito kutali. Mkati ndi 300 m'litali, 195 m'lifupi. Pano mwangodzaza zidutswa za matabwa ndi zitini za vanishi. A Dalaivala akuti alonda amalola magalimoto a odikirira odwala kuima kuseri kwa kochapira zovala. Basi, akakonze, alamu anga akakoke ndi bokosibode yawo, amayi ake azigona ngati munthu.

Ndajambula pa katoni ya mankhwala. Bedi 165 kwa 75, pakuti amayiwa ndi 152 (ndinawayeza tikupanga makabati a kukhitchini, anakwiya sabata yathunthu). Phula padenga pamene pamadontha. Neti pazenera. Kashelefu ka mankhwala awo a BP. Mbedza zitatu. Chitofu cha gasi chizikhala panja, osati mkati. Khomo lisiyidwe momwe lilili, 55, amayi ndi ochepa thupi.

"Ntchito ya masiku atatu imeneyi," ndatero.

"Awiri, bambo. Atatu ndi mukanakhalapo inu n'kumatitsutsa."

Akuti akakopera pa thabwa. Kushopu kwathu sitilemba miyezo papepala. Pepala limasowa mu utuchi, choncho timalemba pa chidutswa chilichonse chimene chili pafupi.

Madzulo ndasaina chikalata cha opaleshoni. Osadya kuyambira 10 koloko. Ndili ndi mantha, sindibisa.

Lamlungu, 9 Marichi

Ndili moyo. Maola asanu, akutero. Kumsana ngati anakhomako thabwa ndi misomali ya mainchesi sikisi.

Dripi. Mankhwala opha ululu pa maola anayi. Ndasanza kawiri.

Zala za kuphazi ndaziuza kuti zigwedezeke. Zangondiyang'ana.

Lolemba, 10 Marichi

Kasingano kaja kabweranso. Mpaka pamchombo, monga kale. Adokotala akuti chotupa achichotsa chonse, atumiza kokayeza.

Kenako aitana akazi anga ndi Kapitawo ku ofesi, akuti kukafotokoza za mankhwala. Akhalako mphindi 35, ndimayang'ana wotchi ya pakhoma. Mankhwala ake angati? Pobwera, akazi anga maso ali psuu. Akuti ndi fungo la mankhwala okolopera. Kapitawo sanakhale pansi n'komwe, akuti basi imusiya.

BP 190 pa 105. A Sisitala andiletsa mchere ndi kupsa mtima. Ndawauza kuti mcherewo ndayamba kale kuusiya.

Lachitatu, 12 Marichi

Si khansa!

Adokotala anena okha. Akazi anga agwada pambali pa bedi n'kulira mokweza mpaka wodi yonse yaombera m'manja. A Dalaivala aimba hutala ndi pakamwa. Ndadya mpunga wonse ndi mwendo wa nkhuku umene anabweretsa alamu, ndapemphanso nthochi.

Ndawafunsa adokotala za miyendo. Akuti, "Mitsempha imachedwa, bambo. Tipole kaye chilonda." Ndazimva bwino. Guluu nayenso sumuthamangitsa. Ndawerengera ndekha: mwezi umodzi muno, mwezi wina ndi ndodo. Masitepe 34 aja ndizikwera khumi, kupuma, khumi, kupuma. Pofika Meyi ndili kushopu.

Kwabwera a fizo olimbitsa miyendo, bambo wa manja aakulu ngati mafosholo. Apinda miyendo yanga kakhumi uliwonse. Ndimangoonerera ngati akupinda ya munthu wina.

Lachinayi, 13 Marichi

Sabata yakwana, kalavani kulibe. Akazi anga akadali pa benchi. Ndaimbira Kapitawo.

"Ntchito ya masiku awiri ija yafika pati?"

"Denga, bambo. Lawola kwambiri kuposa mmene timaganizira."

"Denga limenelo ndinalikwera chaka chatha. Likudontha pa kona imodzi."

"Ndiye pansi. Pansi pawolanso."

Kumbuyo kwake ndimamva chopukusira zitsulo chikulira. Ndamufunsa kuti pa bedi la matabwa ndi neti ya pazenera chitsulo chikudulidwa n'chachiyani. Akuti ndi alamu akukonza geti ya munthu. Ndamukalipira kuti amayi ake akuthyoka msana iye akucheza ndi mageti a eni. Wangoti, "Pepani bambo." Mwana ameneyu chibadwire sanandipepesepo. Ndadabwa.

Ndamuuza abweretse kathabwa kotsamiritsa kope, chifukwa kulemba chagada kukundipweteka dzanja.

Pa bedi 4 amwalira agogo ena osayankhula. Makatani, machira, kenako matiresi atembenuzidwa. Pofika 2 koloko pagona wina.

Loweruka, 15 Marichi

Achotsa dripi. Andiveka lamba wolimba wa kumsana n'kukweza mutu wa bedi pang'ono. Chizungulire mphindi zisanu, kenako chatha. BP 165 pa 95.

Kapitawo wabwera ndi kathabwa, pulayi wa 40 kwa 30. Wapala pamwamba ndi sandipepa mpaka kusalala ngati mbale, makona wazungulitsa kuti asandibaye. Ndamuyamikira mwa kusapeza cholakwa. Wawonda. Zala zake zili ndi mabala a chitsulo, osati a thabwa. Kalavani akuti sabata yamawa.

Lamlungu, 16 Marichi

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa tiyi anatayikira pa kathabwa kaja. Ndinakatembenuza kuti ndipukute. Kuseri kwake kuli pensulo ya Kapitawo, manambala ake opendekera aja. Anatola chidutswa chimene chinali pafupi, monga timachitira, n'kupala mbali imodzi yokha. Ndikopera momwe zilili:

Kalavani
khomo 80, kudula felemu, alamu awotcherere
bedi 190 x 90, kuchokera pansi 50
kuchotsa tebulo ndi kabati, pakati pakhale 150
zitsulo zogwirira 2
sinki 75, pansi pake popanda kabati
chokwerera 150 x 85

Poyamba ndinapsa mtima kuti wasintha pulani yanga osandifunsa. Bedi la 190 la munthu wa 152? Khomo la 80, amayi ake akulowa ndi ng'ombe? Kenako ndinafika pa mzere womaliza, ndipo theka la thupi limene ndimamvali linazizira.

Ndinapempha a Dalaivala kuti asendeze basi yawo. Tepi yanga ili m'kabati ka pambali pa bedi, sindiyenda popanda iyo. Ndinayeza. M'lifupi, gudumu mpaka gudumu, 66. Pokhala, kuchokera pansi, 50.

Makumi asanu. Bedi lofanana ndi mpando, kuti munthu azingodzikhwekhwereza. Sinki yopanda kabati, kuti mawondo azilowa pansi. Pakati 150, potembenukira njinga. Ndinapangapo chipinda chotere kwa mphunzitsi wina amene anachita ngozi ya galimoto. Kapitawo anali nane. Miyezo imeneyi ndinamuphunzitsa ndine.

Munthu sadula felemu ya kalavani chifukwa cha mwezi umodzi wa ndodo.

Sakukonzera amayi ake pogona. Akundimangira ine nyumba pabwalo la shopu, pansi, popanda masitepe.

A Dalaivala anafunsa kuti ndikufuna kuwapangira ina yamatabwa kodi. Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala. Anawerenga thabwalo, n'kulibweza mwakachetechete.

Masana akazi anga anabwera ndi malalanje. Amasenda uku akunena kuti ndikadzachira tikapente khitchini. Zaka 36 tili limodzi, ndipo sindimadziwa kuti amatha kunama dzanja osanjenjemera. Ndinadya lalanjelo. Kathabwa ndinakagonera.

Lolemba, 17 Marichi

Adokotala atamaliza kasingano kawo ndinawagwira mkono wa jasi.

"Adokotala, ine ndi kalipentala. Munthu akabwera ndi mpando wothyoka ndimamuuza pomwepo ngati ukonzeka kapena ayi. Sindimuuza kuti tione kaye vanishi."

Anatseka makatani n'kukhala pa bedi. Sanakhalepo chibwerere changa.

"Mtsempha unapanikizika nthawi yaitali, bambo. Tachotsa chopanikizacho, koma pamene panaphwanyika sipabwerera. Papita masiku khumi, palibe chala chagwedezeka."

"Ndipatseni nambala."

"Pa anthu 100 ofika pamene mwafikapa, awiri kapena atatu amadzaima ndi ndodo."

"Kukwera masitepe?"

Anapukusa mutu.

Akuti anauza akwathu Lolemba lapitalo. Akazi anga anapempha sabata ziwiri, kuti BP itsike kaye, kuti pondiuza pakhale pali kale pokafikira. "Ndinavomera, ndipo sindinayenera kutero. Thupi ndi lanu. Pepani."

Ndiye kuti onse amadziwa. A Sisitala. A fizo. Alamu ndi nkhuku yawo. Tsiku lija wodi imaomba m'manja, akazi anga sankalira chimwemwe chokha. Ine ndekha ndiye ndimawerenga masitepe ngati chitsiru. Ndawauza adokotala kuti asawauze kuti ndadziwa. Nawonso alawe.

BP 185 pa 100. Awonjezera piritsi limodzi m'mawa.

Lachiwiri, 18 Marichi

Sindinadye. Ndayang'ana khoma.

Zipinda zathu zitatu, khonde limene ndimamwera tiyi, makabati anga. Ndinatuluka pa chitseko chagada, osatembenuka n'komwe.

A Dalaivala akuti, "Amisiri, ine ndinakhala sabata osayankhula. Inu ndikupatsani masiku awiri, chifukwa wodi yaboweka."

Lachitatu, 19 Marichi

Achotsa ulusi, mfundo 18. Chilonda chauma bwino.

A fizo abwera ndi njinga ya wodi. "Yongokawombedwa mphepo, amisiri," atero, osandiyang'ana m'maso. Andinyamula awiri. Miyendo inalendewera, ndipo ndinaiika ndekha pa zopondera ndi manja, umodzi umodzi. Ndi yolemera, sindimadziwa. Potuluka pa khomo la kubafa la wodi ndasupula mfundo za zala pa felemu. Ndayeza khomolo: 80.

Akazi anga anati andikankha okha kupita pa kapinga. Kutsika tinatsika bwino. Pobwerera pali kachitunda ka simenti kolowera mukhonde, ndipo pakati pake njinga inaima. Ndimawamva kumbuyo kwanga akupuma ngati mvukuto. Kenako tinayamba kubwerera chafutambuyo. A Dalaivala anakuwa ali pazenera, "Buleki, amisiri! Buleki!" Ndinagwira magudumu mpaka zikhatho kutentha.

Akazi anga anakhala pansi pa simentipo atagwira phewa, n'kumaseka kuti ndanenepa ndi nkhuku za alamu. Ine sindinaseke. Ndinatulutsa tepi n'kuwauza agwire mbali imodzi. Kachitundako ndi 300 m'litali, kukwera 30 basi. Ndipo katikanika.

Pansi pa kalavani yathu ndi 45 kuchokera padothi. Chokwerera cha Kapitawo ndi 150. Amenewo si makwerero a munthu, ndi potsetsereka matumba a simenti. Mayi ameneyu adzathyoka phewa tsiku loyamba, ndipo njinga idzamugwera pamwamba ine ndili momwemo.

Mkwiyo wa dzana uja ndaufunafuna madzulo ano, wachepa. Akazi anga ndimawaona pa khomo la wodi akuyala chitenje chawo pa benchi. Masiku 15. Kalavani inali yawo, anaipereka osanena kanthu.

Ndabwereka pensulo kwa a Sisitala. Ndawerengera kanayi. Pokwera 45 pafunika thabwa la 540, ndiko kuti 12 pa sentimita iliyonse yokwera. Kuchokera pa khomo la kalavani kufika pa khoma la shopu ndi 300. Sizikwana, ngakhale utatembenuza kalavaniyo mbali iti. Njira ndi imodzi yokha, ndipo sindikuifuna.

Lachinayi, 20 Marichi

BP 155 pa 90. Ndadya phala lonse.

Kapitawo wafika 12 koloko ndi amayi ake. Wayamba yekha ndisanafunse: denga latha, kwatsala neti, alamu bokosibode yawo yavuta. Ndinamusiya amalize. Kenako ndinatulutsa kathabwa pansi pa pilo n'kumupatsa, mbali ya manambala ili pamwamba.

Anakayang'ana. Anakatembenuza, n'kukatembenuzanso, ngati manambalawo achoka. Amayi ake anagwira pakamwa.

"Bambo, ine..."

"Ndinakuphunzitsa kupala mbali zonse ziwiri. Tenga pensulo."

"Bambo, timafuna tikuuzeni mukakhala..."

"Khomo. Walemba 80. Njinga ilowa, koma zala za woyendetsa zitsala pa felemu." Ndinamuonetsa mfundo zanga zosupukazo. "Lemba 85."

"Felemu tadula kale."

"Mudulenso. Bedi, 90. Amayi akowa agona pati?"

Akazi anga anayankha ndi mawu ang'ono kuti amati aziyala pansi, pambali.

"Benchi sinakukwaneni? Lemba 135. Potembenukira patsala 165, mpokwanira."

Analemba. Misozi imagwera pa pulayi, ndipo ndinamuuza kuti aigwetsere kumbali, pulayi ameneyo si wa madzi. A Dalaivala anali atatembenukira kukhoma, koma khutu lili kuno.

"Tsopano chokwerera chakochi. Ukufuna kupha amayi ako?"

"Malo ndi ochepa, bambo. Ndayesa kuchitalikitsa, chikugunda khoma la shopu. Ndakhala masiku atatu pa chimenechi. Ndimafuna kukufunsani, koma ndikanafunsa bwanji?"

Mwana wanga wakhala akulimbana yekha ndi samu imene ine ndikanamuuza pa mphindi imodzi.

"Thabwa silingatalike, ndiye kalavaniyo itsike. Muikweze pa jeke, muchotse matayala ndi ekiselo yomwe, muikhazike pa mitanda inayi. Pansi pake padzakhala 20 kuchokera padothi. Chokwerera 240. Pamenepo ndizikwera ndekha, popanda wondikankha."

Sanalembe. Anandiyang'ana.

"Bambo, tikachotsa matayala sidzayendanso."

"Ndikudziwa."

Amayi ake anandigwira phazi pamwamba pa bulangete. Ndinaona dzanja lawo pamenepo. A Sisitala anadutsa ndi tirole ya mankhwala.

Kapitawo anapukuta mphuno ndi mkono n'kufunsa kuti manati ake ndi a sipanala yanji. Ndinamuuza kuti 19, ili mu dirowa yachiwiri, ndipo athire kaye oilo ku tayala lakumanzere chifukwa linachita dzimbiri. Analemba zonse, n'kutuluka.